Foni pa Mpando wa Ankhoswe

Raymond atabwerako ku Kepi, komwe anakhalako mpaka imvi zoyamba kumera, anapeza Manjawira atasanduka mzere wa timashopu togulitsa machaja ndi makava a foni. Mtengo wa mango umene ankadikirirapo basi ali mwana anaugwetsa kalekale, ndipo palibe amene ankakumbukira kuti unalipo. Chimene anachipeza chili chomwecho ndi chimodzi: mwamuna safunsira yekha mbeta. Ungayende maiko, ungalankhule Chingerezi cha m'mphuno, koma pakhomo pa mkazi amakulankhulira malume ako.

Zione, mphunzitsi wa ku Biriwiri, anali atamulola atamuzunguza dzinja lonse. Chotsala chinali chakuti malume a Raymond akakhale pansi ndi a Goliati, malume a Zione. Koma a Maynard, malume ake aakulu, anali ku Joni ndi mapepala otha ntchito. Akanati atuluke, sakanalowanso, ndipo ana awo onse anali konko.

Ku Kepi Raymond ankagwira ntchito pa hotela, kulumikizira mabwana misonkhano ya pa kanema. Ndiye anati nkhaniyi ndi yochepa.

* * *

Masana aliwonse Zione akaweruka ankakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira osathawira ku Mozambiki, ndipo ankayesa mapulogalamu a misonkhano mmodzimmodzi.

“Ukundiona?” anafunsa Raymond ali pakhonde pake ku Manjawira.

“Ndikuona chipumi chokha. Ndi chachikulu ndithu, sindinkadziwa.”

“Usaseke, tikugwira ntchito. Mawu akumveka bwanji?”

“Pakamwa panu pakutseka, mawu n'kumabwera pambuyo ngati nkhalamba yotsalira pa ulendo. A Goliati adzayesa a Maynard akuwatafunira chingamu.”

Imeneyo anaitaya. Ina inali yooneka bwino, koma inkadya bandulo ngati mbozi m'chimanga. Ina inkadula yokha pakapita kanthawi ngati simunalipire.

“Tangoganizani,” anatero Zione, “a Goliati ali pakati pa mwambi, chinthu n'kuwadula. Amalume aja mwambi umodzi amauyamba dzuwa lili pamutu.”

Ina inkabisa za kumbuyo kwa munthu ndi chifunga, koma pobisa khoma losakulunga la Raymond inadyanso khutu lake. Zione anaseka mpaka kukhala pansi pa chulupo.

Pomaliza anapeza imene Raymond anaikonda. Mawu ankafika pamodzi ndi pakamwa, bandulo inkaidya mwaulemu, ndipo aliyense akayamba kulankhula, nkhope yake inkadzaza galasi lonse la foni.

“Imeneyi ndiye yathu,” anatero. “Malume ako maso ndi ofooka. Wolankhula adzamuona wamkulu bwinobwino. Kavuto kake n'kamodzi. Amene watsegula msonkhano ayenera kukhalamo. Akatuluka, watseka onse.”

Zione analeka kuseka.

“Ndiye mudzakhalamo? Inu? Pa nkhani ya ankhoswe?”

“Ndidzazima kamera, ndidzazima maiki. Ndidzangokhala kabokosi kakuda pakona. Palibe adzadziwe.”

“Kumeneko ndi kumvetsera kuseri kwa mpanda, a Ray.”

“Si kumvetsera. Ndi kugwira chitseko kuti chisatsekeke.”

Zione anayang'ana kumbali, kumene amayi ena ankatsika ndi madengu a kabichi. Kenako anafunsa chimene anakhala akuchisunga.

“Nanga a Elson? Si malume anunso? Champiti si Joni.”

Raymond anayamba kupukuta galasi la foni ndi chala, ngati pagwa fumbi.

A Elson anali mlongo wamng'ono wa malemu mayi ake. Mayiwo atamwalira, Raymond anali ku Kepi, ndipo maliro anawaonera pa foni imene msuweni wake anaikweza pamwamba pa mitu ya anthu. A Elson ataiona foniyo ili lendee pamwamba pa dzenje, analamula kuti itsitsidwe. Kuyambira pamenepo sanalankhulane. Chibwerereni Raymond anali asanapondeko ku Champiti. Ankati akudikira mvula ithe, kenako ankati akudikira msewu aukonze.

“A Maynard ndiye aakulu,” anatero pomaliza. “Mwambo umafuna aakulu.”

“Mwambo mwaukumbukira lero,” anatero Zione, n'kudula.

* * *

Lachisanu Raymond anakwera minibasi kupita ku Biriwiri kukakonza bwino pulogalamuyo m'foni ya Zione. Anakumana pamsewu, pamene amagulitsira mbatatesi ndi tomato. Ali chiweramire pa foniyo, mthunzi wa munthu unawaphimba.

Anali Bizwell, mwini lole yonyamula mbatatesi kupita ku Blantyre. Zione anamukana kangapo, koma iye sankatopa. Mayi a Zione, Anangozo, Bizwell ankawanyamulira fetereza ulere mpaka pakhomo, n'kumati ndi njira yomweyo.

“A ku Kepi, mwadzuka?” anatero Bizwell akuseweretsa makiyi. “Ndamva malume anu akubwera. Ati abwera m'thumba la malaya.”

Amayi ogulitsa tomato anabisa pakamwa.

“Abwera mmene angathere,” anayankha Raymond.

“Ayi, n'zabwino. Chitukuko. Ife malume athu ndi achikale, amayenda ndi miyendo, amafuna madzi akumwa. Anuwa mungowachaja basi.” Anatembenukira kwa Zione. “Aphunzitsi, muwauze mayi kuti matumba aja ndabweretsa.” Atayenda pang'ono anacheuka. “Mukaimba kumwera, mupereke moni kwa alamu athu a ku Kepi.”

Lole italira n'kupita, Zione anatenga foni yake m'manja mwa Raymond.

“Alamu ake ati?”

“Palibe. Ukudziwa kuti palibe.”

“Ine ndikudziwa zimene munandiuza. Koma Bizwell dzulo anawakweza a Goliati kuchokera ku boma, ndipo msewu umenewo ndi wautali.”

* * *

Lamulungu anthu ataweruka ku tchalitchi, Raymond anadzitsekera m'chipinda chake ku Manjawira, n'kutsegula msonkhano. Anazima kamera, anazima maiki. Pa galasi panaoneka thambo, kenako chala cha Zione, kenako bwalo la a Goliati losesedwa bwino.

“Usaike mlendo pa njerwa,” anamveka mawu a a Goliati. “Katenge mpando.”

Zione anabweretsa mpando wa ndalema umene amapatsa abusa akabwera, anaupukuta, n'kutsamiritsa foniyo pa buku la nyimbo. Anagwada, anawomba m'manja, n'kuchoka, pakuti naye mwini mbeta sakhala pa nkhani yotere. A Goliati anakhala moyang'anana ndi mpandowo, atavala jekete, chipewa chili pa bondo. Chapatali pakhonde, Anangozo ankasola nyemba m'lichero.

A Maynard anali asanalowe. A Goliati anasuzumira pa galasi, anaona kabokosi kakuda, n'kuyesa kuti mulibe munthu.

“Achemwali,” anatero, “inu mnyamatayu mukumuona bwanji?”

“Sindinamuone, ndiye chake chabwino n'chimenecho,” anayankha Anangozo osadzutsa mutu. “Ndinakumana naye ku chigayo. Atandizindikira anapatuka, analowa m'tchire ndi nsapato zake zokongolazo, chisoso mpaka m'mawondo. Ndinati uyu ngakhale anakhalitsa kunja, anamulera ndi anthu. Wa lole uja amandiyang'ana m'maso ngati ndine kasitomala.”

Raymond anadziwa kuti mawu amenewo sanali ake oti amve. Anafuna kuika foni pansi, koma sanaiike.

Kenako a Maynard analowa, atavala tayi, kumbuyo kwawo kuli khoma la malata. Moni anatenga nthawi yake yonse. Anafunsana za mvula, za mbatatesi, za amene anamwalira ndi amene akudwala, ndipo pulogalamu ija inagwira ntchito yake bwino lomwe: a Maynard akamalankhula ankadzaza galasi, a Goliati n'kumagwedeza mutu ngati munthuyo ali pampandopo ndithu. Raymond anayamba kupuma bwino.

“Tabwera ndi kankhani,” anatero a Maynard. “Tambala wathu waona msoti pakhomo pano, ndiye sakugonanso m'khola.”

“Misoti pano ilipo,” anayankha a Goliati. “Koma tisanakusonyezeni, pali chimene chinatipeza m'njira. Tambala ameneyu anakhalitsa kumwera. Akutiuza kuti kumeneko anasiyako khola lina, la thadzi ndi anapiye omwe. Inu ndinu eni ake. Tiuzeni.”

A Maynard anatsitsa maso kuti akonze tayi, anatsegula pakamwa pang'ono, n'kuuma pomwepo. Magetsi anali atazima ku Joni. Chithunzi chawo chinatsala chili chomwecho: mkulu wa imvi, maso pansi, pakamwa pali yasa, ngati munthu amene wagwidwa.

A Goliati anadikira. Anatsokomola. Anadikiranso.

“Funso lawalemera,” anatero motsitsa. “Achemwali, maso anga ndi awa. Tabwerani muone. Akulira kapena?”

Raymond ankangoona a Maynard ouma aja, pakuti mawu otsitsa a a Goliati sanasinthe chithunzi. Chete ameneyu ankamuweruza. Ku Kepi anamuphunzitsa zaka zonsezo kuti wonena zoona amaonetsa nkhope, ndipo woyang'ana pansi ndi wakuba. Phunziro limenelo ndi limene linafika msanga ku chala chake. Anayatsa maiki. Anayatsanso kamera.

“Pepani malume, limenelo ndi bodza. Ndiyang'aneni m'maso, ine mkazi ndilibe.”

Pulogalamu ija inachita chimene anaisankhira. Inachotsa a Maynard, n'kudzaza galasi lonse ndi nkhope ya Raymond. Ndipo patsogolo pa galasilo, pafupi moti mpweya wawo unkachita nthunzi pa kamera, panali nkhope ya Anangozo, atawerama, duku litasendemera, maso ali tong'o.

Anayang'anana. Mkamwini ndi apongozi, mphuno ndi mphuno, pa mtunda umene ngakhale mwamuna wawo malemu ankaufika pokhapokha kuli mdima.

Anangozo sanakuwe. Anangokoka nsonga ya chitenje, n'kuphimba kumaso, n'kubwerera chambuyo mpaka anagunda lichero. Nyemba zinamwazika bwalo lonse.

“Ameneyu ndani?” anafunsa a Goliati.

Anayang'anitsitsa nkhope imene inali pa galasi.

“Ndi mwini nkhani,” anadziyankha okha. Anaweramira pa foni. “Mwana iwe, walowa liti?”

“Ndinali... ndimagwira chitseko, malume.”

“Unalipo pa moni?”

“Ndinalipo.”

“Moni asanayambe, achemwali anga akulankhula ndi ine, unalipo?”

Raymond anayang'ana pansi. Ulemu umenewo unabwera mochedwa.

A Goliati ananyamula foniyo ndi zala ziwiri, ngati chinthu chimene mphaka wabweretsa, n'kuigoneka chafufumimba pa dothi. Kwa Raymond kunada bii. Anangomva mawu ali pamwamba pake.

“Zione, bweza mpandowu m'nyumba. Kunalibe mlendo.”

* * *

A Maynard anaimba madzulo magetsi atayaka.

“Ndimati ndinene kuti ulibe mkazi. Mawu anali pakamwa. Iwe unathamangira chiyani?”

“Anayesa mwavomera, malume.”

“Akanayesa. Mawa ndikanaimbanso, n'kupepesa, n'kukonza. Nkhoswe ikapunthwa imadzuka yokha, ndi ntchito yake. Koma zimene wachita iwezi ndilibe nazo mankhwala. Ine kubwera sindingathe, ukudziwa.”

Kuchokera kwa Zione kunangobwera uthenga umodzi: “Musaimbe.” Raymond analemba mayankho ambirimbiri n'kumafufuta. Lachitatu kunabwera wina: “Ku boma, pa depoti, ndikaweruka.”

Anamupeza ataima kuseri kwa minibasi za ku Lilongwe, atafunda mpango ngakhale kunali dzuwa. Sanamwetulire.

“Amayi sanapite ku Chigwirizano dzulo,” anatero. “Akuti azimayi anzawo awayang'ana bwanji. Nkhani yafika kale pamsika. Akuti aphunzitsi anabweretsa mwamuna m'buku la nyimbo.”

“Ndikapepese.”

“Mukapepese ndi nkhope iti? Yomweyo?” Anapukusa mutu. “Amayi akuti, ndidzamuthawa bwanji munthu amene ndamuona mpaka mkati mwa maso? Chimene chikuwawawa kwambiri si chimenecho. Ndi zimene ananena zija, zokuyamikirani. Akuti munawasiya avule mtima wawo inu muli pakona ngati mbala. Ndipo amene anaika mbalayo pampando ndine.”

Raymond anayang'ana matayala a minibasi.

“Nanga malume ako?”

“Akuti mawu a pa galasi sanamveke pakhomo pawo. Wofuna mbeta atume miyendo.” Anakonza mpango wake. “Malume ake a Bizwell atumiza mawu. Akubwera Loweruka.”

“Udzakana.”

“Ndakhala ndikukana ndili ndi nkhope, a Ray. Ndinkati ndili ndi wanga, munthu waulemu, dikirani muone. Pano ndikane ndi chiyani? Amayi ndawachititsa manyazi ndine. Akandigwadira n'kuti mwana wanga tichotse chitonzo, sindikudziwa kuti pakamwa panga padzatuluka chiyani.” Anamuyang'ana tsopano, maso ali ofiira. “Mapulogalamu munayesa onse. Munawapatsa mamalikisi ngati ana a sukulu. Wa ku Champiti yekha ndi amene simunamuyese.”

Kondakitala anaitana a ku Biriwiri. Zione anakwera osatsanzika. Minibasi itayamba kuyenda, anatsegula windo.

“Mpando ukadzatulukanso Loweruka, adzakhalepo ndi amene wafika.”

* * *

Raymond anatsika kabaza patali ndi mudzi wa ku Champiti, kuti afike wapansi. Njira imene ankaidziwa inali italimidwa. Anafunsa kwa mayi wina wosenza nkhuni, ndipo mayiyo anamulozera ngati mlendo wogula nkhumba.

A Elson anawapeza akukonza nkhokwe, luzi lili pakamwa. Anali atakalamba kuposa mmene ankawaganizira, ndipo chipumi chawo chinali cha mayi ake chenicheni. Raymond ananjuta patali, n'kuwomba m'manja.

“Odi, malume.”

A Elson anamaliza mfundo yawo, analavula luzi, n'kutembenuka.

“Ndani?”

“Ndine Raymond, mwana wa achemwali anu.”

“Ayi,” anatero a Elson. “Raymond amene ndimamudziwa ine ndi wamng'ono chonchi.” Anatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuyeza msinkhu wa foni. “Amakwana m'dzanja. Amabwera pa maliro atanyamulidwa m'mwamba ngati mbendera.”

Raymond anakhala pa dothi. Anafotokoza zonse, za Zione, za a Goliati, za Loweruka, maso ali pa nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi nsapato yake. A Elson anamvetsera akusenda luzi lina.

“Ndinamva kale,” anatero. “Za pa foni zimathamanga. Ndiye wabwera kudzabwereka miyendo yanga.”

“Ndabwera kudzapempha, malume.”

“Ukanandiimbira pa kanema. Wavutikiranji ndi fumbi?”

Nkhuku inadutsa pakati pawo. A Elson anaiyang'ana mpaka inakalowa kuseri kwa khola.

“Mtsikanayo sanandilakwire,” anatero kenako. “Ndipo achemwali anga akanafuna mdzukulu. Tamvera. Mawa abale tonse tikukalambula kumanda, tinapempha kale kwa amfumu. Udzu wakula, mitumbira ilibe maina, simenti sitinaikebe.” Analowa m'kakhitchini n'kutuluka ndi khasu, n'kuliponya patsogolo pake. “Iwe ndiye utsogole. Ukakaima pa manda a mayi ako osafunsa munthu, n'kuyamba kulambula, Loweruka ndivala jekete. Ukakalambula a mwini wake, anthu onse akuona, usadzabwerenso pano. Unalipo pa maliro, si choncho? Unaona.”

Raymond anagwira mpini. Anayesa kukumbukira. Thambo logwedezeka. Nsapato za anthu. Dothi lofiira. Nthambi ya mtengo umene sankaudziwa dzina. Kenako mawu a a Elson akuti tsitsa chimenecho, ndi mdima.

Koma kanema wa maliro aja msuweni wake anamutumizira pambuyo pake, ndipo anali akadali m'foni. Sanamutsegulepo chiyambire. Mwina mtengowo unkaoneka bwino. Mwina kumbuyo kwake kunali mwala, kapena phiri. Dzanja lake linayamba lokha kulowera ku thumba.

A Elson anali atatambasula kale lawo.

“Imeneyo igona kwa ine.”

Raymond anaitulutsa, n'kuipereka ndi manja awiri. Ili pakati pa dzanja lake ndi la malume ake, inayaka, n'kuyamba kunjenjemera. Pa galasi panalembedwa dzina la Zione.

A Elson anaiyang'ana mpaka inaleka. Itayambanso, anakwera pa mwala, anaiponya m'nkhokwe pamwamba pa chimanga, n'kuvundikira denga.

“Nola khasulo,” anatero. “Ndi lobuntha.”